Amayi anga aang'ono sanachitidwe "assault", anakhapidwa ndi khasu

Tchuthi chathachi ndinachita chinthu chomwe mpaka lero chikundidya mumtima. Ndinachita ndi cholembera, ndipo pochitapo ndinkadziona ngati munthu wothandiza kwambiri.

Kwathu ndi mudzi wina wa pakati pa Nsaru ndi Kabudula. Inali nyengo yogulitsa fodya, nthawi yomwe ndalama za ku Kanengo zimafika m'midzi n'kuzunguza mitu ya abambo ena. Amayi anga aang'ono anafunsa amuna awo kuti ndalama za mabelo awiri zalowera kuti, poti mwana wawo wa Fomu 2 anali atabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Yankho lake linali khasu. Kutacha, amalume, omwe ndi ankhoswe a banjalo, anati nkhaniyi isatherenso pakhonde monga zakhala zikuthera, ipite kupolisi. Ndipo poti ine ndine wa ku yunivesite, anandiuza kuti ndilembe zonse papepala m'Chingerezi kuti akakafika kumeneko asakasowe poyambira.

Tinakhala pamkeka kuseri kwa nyumba. Amayi anayamba kufotokoza pang'onopang'ono, dzanja lili paphewa.

"Mwana wanga, anatola khasu lomwe linali pakhomo n'kundikhapa nalo apa. Nditagwa anandiponda pamimba kawiri. Mlongo wako wamng'ono atayamba kulira anamukankhira kukhoma."

Ine ndinamvetsera, ndinagwedeza mutu, n'kulemba mzere umodzi wooneka bwino: "She was assaulted by her husband."

Amalume anati, "Tatiwerengera, mphwanga, timve zomwe walembazo."

Ndinati, "Ndalemba kuti amayi achitiridwa nkhanza ndi amuna awo."

Amayi anandiyang'ana kwa kanthawi. Kenako anafunsa, "Nanga khasu lija walisiya kuti?"

Funso limeneli ndi lomwe landikhazika pansi kuti ndilembe nkhaniyi. Mfundo yanga ndi imodzi, ndipo sindizungulira nayo: ife ophunzira tasandutsa mawu a Chingerezi monga "assault" ndi "attack" kukhala chitenje chofundira zinthu zonyansa. Tikawatchula timaoneka ozindikira, koma chomwe timachita n'kuchotsa khasu, magazi ndi dzina la wolakwa pa nkhani ya munthu wovulala. Khalidweli tilisiye.

Tiyambe ndi mawuwo, chifukwa mbiri yake ikutitsutsa. Verebu ya "assault" siinabadwire ku England. Muzu wake ndi wa Chilatini: "ad", kutanthauza "pa" kapena "kwa", ndi "salire", kutanthauza kudumpha. Kuphatikiza ziwirizi timapeza kudumphira munthu, monga momwe nyalugwe amadumphira mbuzi. Mawuwa anadutsira m'Chifalansa chakale n'kulowa m'Chingerezi a Norman atalanda England m'chaka cha 1066, pamene Chifalansa chinakhala chinenero cha mafumu, asilikali ndi makhothi. Mbale wake ndi "assail", ndipo ngakhale "insult", yomwe lero timaimva ngati kutukwana, inachokera pa muzu womwewo wa kudumpha. Pachiyambi anali mawu ankhondo, a asilikali okwera linga la mzinda. Munthu akawamva ankaona thupi likuuluka kukagwera pa thupi linzake. "Attack" inabwera mochedwerapo, cha m'ma 1600, kudzeranso m'Chifalansa kuchokera ku Chitaliyana, komwe "attaccare" inkanenedwa poyambitsa nkhondo.

Choncho vuto si lakuti mawuwa anabadwa ofooka. Anabadwa ndi mano. Mano ake anaguluka m'makhothi. M'malamulo a ku England, "assault" inafika potanthauza ngakhale kungoopseza munthu mpaka iye kuona kuti amenyedwa pompo, osamukhudza n'komwe. Kumenya kwenikweniko anakupatsa dzina lina, "battery". Mawu omwe kale ankatanthauza kudumphira munthu anasanduka thumba lalikulu lomwe mumalowa chilichonse, kuyambira kukunga chibakera mpaka kuthyola nthiti. Thumba limeneli ndi lomwe atsamunda anabwera nalo kuno m'buku la milandu, Penal Code, lomwe tikugwiritsabe ntchito kuchokera cha m'ma 1930.

Tsegulani bukulo muone. Gawo 253 likunena za "common assault", ndipo chilango chake sichipitirira chaka chimodzi. Gawo 254 likunena za "assault" yosiya bala m'thupi. Gawo 238 likunena za kuvulaza munthu modetsa nkhawa, ndipo pamenepo munthu akhoza kukhala m'ndende zaka 14. Kodi chimasiyanitsa chaka chimodzi ndi zaka 14 n'chiyani? Ndi zomwe ine ndinazisiya pamkeka zija: khasu, phewa, mimba yopondedwa kawiri. Wapolisi wolemba mlandu, dokotala wolemba chikalata cha kuchipatala ndi woweruza onse amadalira tsatanetsatane. Ine ndi Chingerezi changa ndinatsala pang'ono kupeputsa mlandu wa amayi anga usanafike n'komwe pa kauntala. Wosaphunzira ananena zoona zonse. Wophunzira anazidula n'kutsala mzere umodzi.

Tsopano yerekezani ndi Chichewa. Chinenero chathu sichilola kuti munthu angoti chachitika chachitika. Chimakukakamiza kusankha. Kodi anamumenya mbama kapena anamukwapula? Anamuthibula, anamukhapa, anamubaya, anamugenda, anamutsamwitsa, anamuotcha kapena anamugwirira? Verebu iliyonse imabwera itanyamula chida chake. Ukati kukhapa, womvera waona kale chikwanje kapena khasu. Ukati kugenda, mwala uli m'manja. Ukati kukwapula, pali mkwapulo kapena lamba. Ukati kuthibula, wadziwa kuti sikunali kumenya kamodzi. Agogo a ku Nambuma omwe sanapondeko m'kalasi akhoza kukufotokozera ndewu ya pamsika mwa ndondomeko yoposa lipoti la masamba khumi, chifukwa mawu omwe ali nawo sawalola kubisa.

Ngakhale mawu athu omwe timathamangira pomasulira "attack", oti kuukira, ali ndi nzeru yake. Amachokera pa kuuka, kudzuka. Kuukira ndi kudzukira munthu, ndipo kawirikawiri khutu la Mchewa limamva wamng'ono akudzukira wamkulu. N'chifukwa chake timati John Chilembwe anaukira boma la atsamunda mu 1915. Tikanena kuti bambo waukira mkazi wake, kapena gulu la anyamata laukira nkhalamba, pali china chomwe sichikukhala bwino, chifukwa wamphamvu sadzukira wofooka. Amangomupondereza. Chichewa chimafuna kudziwa kuti wamphamvu ndani pa awiriwo. "Attack" ilibe nazo ntchito. Osewera kutsogolo a Silver Strikers amachita "attack". Mbozi zikagwa m'chimanga ku Namitete, lipoti limati zachita "attack". Andale akanyozana pamsonkhano, "attack". Mtima ukaima, "attack". Ndiye mawu omwewo, osasintha ngakhale chilembo chimodzi, timawagwiritsa ntchito mwana wachialubino akabedwa usiku n'kudulidwa manja.

Taganizirani zimenezo. Kuyambira chakumapeto kwa 2014 dziko lino lakhala likulankhula za "attacks on persons with albinism". M'mawu amenewa muli kuba ana, kupha, kudula ziwalo ndi kufukula manda. MacDonald Masambuka wa ku Machinga, yemwe anaphedwa mu 2018, sanangokumana ndi "attack". Anaphedwa ndi anthu ofuna mafupa ake, ndipo mu 2022 khothi linapeza anthu angapo olakwa pa mlanduwo, kuphatikizapo wansembe ndi wapolisi. Ukazinena chonchi m'Chichewa, nsima imakanika kutsika. Ukazinena m'Chingerezi cha kumisonkhano, anthu amagwedeza mitu, kulemba m'kabuku, n'kufunsa kuti tiyi ali nthawi yanji.

Koma chitsanzo chomwe chimandiwawa kwambiri chili pakhomo pathu pomwe, pamsewu wa Lilongwe kupita ku Mchinji. Pa 8 Okutobala 2019, dziko lili pa chipwirikiti cha zisankho za chaka chimenecho, anthu anatseka msewu pa Msundwe. Apolisi atabwera, mmodzi mwa iwo, Usumani Imedi, anaphedwa. Zomwe zinatsatira ku Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika zinafufuzidwa ndi bungwe la Malawi Human Rights Commission, lomwe linapeza kuti apolisi ena anagwirira amayi ndi atsikana. Bungwe la Women Lawyers Association linatengera nkhaniyi kukhothi, ndipo mu Ogasiti 2020 woweruza Kenyatta Nyirenda wa ku High Court analamula kuti amayi ndi atsikana 18 apatsidwe chipepeso.

Nanga ife ophunzira nkhaniyi timaikamba bwanji? M'makalasi ndi m'magulu a WhatsApp mumamva "the Msundwe saga", "the Msundwe incident", "alleged sexual assault", ngakhale khothi linagamula kale. "Saga" ndi nthano yaitali. Takhala tikutcha nthano zomwe zinachitikira amayi a m'mbali mwa msewu womwe timadutsa pa minibasi popita kumudzi. Pali ena mwa ife omwe amasekerera dzina loti "Msundwe Barracks" ngati ndi dzina la timu ya mpira. Tanenani m'Chichewa muone ngati museka: amuna ovala yunifolomu ya boma analowa m'nyumba za anthu n'kugwirira akazi a eni ndi ana a sukulu.

Ndipo chilungamo cha mawu chisakhale cha mbali imodzi. Imedi naye sanangokumana ndi "mob attack". Anthu anamugenda ndi miyala mpaka kufa. Anali munthu, anali ndi abale omwe anamulira. Amene amakonda kutchula za amayi aja n'kumameza za wapolisiyu, ndi amene amachita mosemphanitsa, onse akudwala matenda amodzi: amasankha verebu yolimba pa mdani, yofewa pa mnzawo. Chichewa chonenedwa moona chimawawa mbali zonse, ndipo ubwino wake ndi womwewo.

Ndikudziwa zomwe anzanga ena anene, ndipo sizopanda nzeru.

Anzanga a zamalamulo ati lamulo limafunika mawu otambalala, chifukwa sungalembe gawo la khasu, gawo la mpini ndi gawo la chitsulo cha njinga. Ndikuvomera. Woweruza agwiritse ntchito "assault" polemba chigamulo, ndi chida cha ntchito yake. Koma iwe ndi ine sitili pa mpando wa woweruza. Thumba lija linasokedwa kuti muikidwe umboni, osati kuti lilowe m'malo mwa umboni. Ife tatenga chizindikiro cholembedwa kunja kwa thumba n'kutaya katundu wa m'kati. Ndiponso tisaiwale kuti m'makhothi athu zolemba zimakhala m'Chingerezi, ndipo mayi wa ku Kabudula amadalira womasulira kuti mawu ake afike kwa woweruza. Pamene pali kale mlatho wopapatiza chonchi, wophunzira wa m'mudzimo asakhale woyamba kugwetsera katundu m'madzi.

Ena ati Chichewa chosabisachi n'chopanda ulemu, ndipo chimachititsa manyazi wovulalayo. Apa tisamale. Pali kusiyana pakati pa kubisa dzina la wogwiriridwa ndi kubisa zomwe anachitidwa. Dzina lake libisike, nkhope yake isaoneke, mudzi wake usatchulidwe ngati iye sakufuna. Koma mchitidwewo utchulidwe ndi dzina lake. Funsani kuti mawu ofewa amateteza ndani. Amayi anga aang'ono sanachite manyazi kutchula khasu. Amene akanapindula ndi mzere wanga uja ndi mwini khasuyo. Ulemu womwe umapepukitsa katundu wa wolakwa n'kulemetsa wa wolakwiridwa si ulemu ayi, ndi mantha ovala jekete.

Ena ati, "Iwe ukunamizira Chingerezi, chonsecho Chichewa nachonso chili ndi mawu obisa." Amenewa akunena zoona, ndipo pano ndiye pofunika kudziyang'ana. Tili ndi "anamuchita chipongwe", "anasemphana Chichewa", "m'nyumba munali kusamvana", "anamulakwira mwana". Bambo wa zaka 50 akagwirira mwana wa Sitandade 6, pamudzi mumamva kuti "anagona naye", ngati kuti awiriwo anapangana. Tili ndi mawu oipitsitsa aja oti kumenya ndi mankhwala a banja, omwe ena amawanenabe ngakhale dziko lino lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja kuyambira 2006. Ngakhale mawu oti nkhanza, omwe ndinathawirako amalume atandifunsa, ayamba kutha mphamvu chifukwa chowatchula pa chilichonse. Choncho sindikunena kuti Chingerezi ndi chinenero cha abodza ndipo Chichewa ndi cha oyera mtima. Chingerezi nachonso chili ndi maverebu akuthwa, ndipo ndikanafuna ndikanawapeza. Chomwe ndikunena n'chakuti kwa ife ophunzira, Chingerezi ndi pobisalira pabwino kuposa ponse, chifukwa palibe amene amatigwira. Ndikanati "kusamvana", amalume akanandidzudzula nthawi yomweyo. Koma "assaulted" anaimva ngati mawu a nzeru, ndipo akanapanda kundiuza kuti ndiwerenge, pepalalo likanapita momwemo.

Apa ndiye pagona nkhani. M'midzi yathu wophunzira ndi mlatho. Ndife timalemba makalata a kwa mfumu, timadzaza mafomu a kuchipatala, timawerengera makolo uthenga wa pafoni. Mawa lino ndife tidzakhale atolankhani, ma clinical officer, aphunzitsi, apolisi ndi ogwira ntchito m'mabungwe. Ngati tazolowera kuti munthu akatiuza za khasu ife tizilemba "assault", ndiye kuti dziko lonse lidzakhala ndi malipoti oyera onena za anthu omwe akutuluka magazi. Ndondomeko zidzapangidwa kuchokera pa malipoti amenewo, ndipo tidzadabwa kuti bwanji palibe chikusintha. Munthu sakwiya ndi "cases of assault". Amakwiya akamva kuti mayi anapondedwa pamimba mwana wake akuona.

Angerezi eniakewo anadutsamo m'vuto longa lomweli. Kwa zaka zambiri makhothi awo ankayendetsa milandu m'Chifalansa, chomwe anthu wamba sankachimva. Mu 1362 anakhazikitsa lamulo loti milandu izikambidwa m'Chingerezi, ndipo chifukwa chomwe anapereka n'chakuti anthu sankamva zomwe zikunenedwa zowateteza kapena zowatsutsa. Iwo anaona kuti chilungamo chomwe mwini mlandu sakuchimva n'choperewera. Ife tatenga mawu omwe iwo anabwereka kwa Afalansa, omwenso anawatenga ku Chilatini, n'kumawagwiritsa ntchito pofotokozera amayi athu zomwe zawachitikira m'nyumba zawo zomwe. Ndipo timadzitcha ozindikira.

Sindikupempha kuti tisiye Chingerezi. Mayeso ndimalemba m'Chingerezi, ntchito ndidzafunsira m'Chingerezi, ndipo mbiri ya mawu yomwe ndafotokoza pamwambapa ndinaipeza m'mabuku a Chingerezi. Chomwe ndikupempha n'chaching'ono. Ukamva kapena ukafuna kulemba kuti munthu "was assaulted" kapena "was attacked", ima kaye udzifunse mafunso atatu m'chinenero cha kwanu: anamutani, ndi chiyani, ndipo ndani? Ngati mayankho ukuwadziwa, alembe, kaya m'Chichewa kaya m'Chingerezi. Ngati sukuwadziwa, kafunse. Ngati ukuwadziwa koma ukuopa kuwalemba, vomera kuti ndi mantha, usanamizire galamala. Onaninso kuti Chingerezi cha m'malipoti chimakonda kunena kuti munthu anachitidwa chakuti popanda kutchula wochitayo. Mayi "was assaulted", basi, ngati kuti khasu linadzinyamula lokha. Bwezeretsani wochitayo pamalo pake, kumayambiriro kwa chiganizo.

Tsiku lija ndinang'amba pepala loyamba. Ndinalembanso, ulendo uno m'Chichewa, mawu ndi mawu monga momwe amayi ananenera, kenako ndinamasulira pansi pake popanda kusiya kanthu: khasu, phewa lamanzere, mimba kawiri, mwana kukhoma. Zinadzaza tsamba lonse. Nditawerenga mokweza, amalume anakhala chete nthawi yaitali, kenako anapita kukatenga khasulo n'kulimanga pa njinga kuti likakhale umboni. Amayi anapinda pepalalo n'kuliika m'chitenje.

"Tsopano walemba za ine," anatero.

Momwe mlanduwo ukuyendera ndi nkhani ya banja lathu, ndipo sindiikamba pano. Akuluakulu amati mlandu suwola. Koma ndaona ndi maso anga kuti ukhoza kufota usanafike pabwalo, m'manja mwa mwana yemwe makolo anagulitsa fodya kuti aphunzire.